Zimene Ndinkadula pa Mawu a Bambo

Ntchito yanga ndi kudula mawu a anthu. Munthu amalowa mu situdiyo, amakhala kutsogolo kwa maikolofoni, ine ndili kuseri kwa galasi mahedifoni ali kumutu. Akatha kuyankhula amapita kwawo akudzimva ukatswiri, ine n'kutsala ndi chifuwa chake, ma "eee" ake, ndi malovu amene wameza pakati pa chiganizo. Ndimadula zonsezo pa kompyuta, n'kulumikiza zotsalazo mwaluso moti inu pa wailesi mumamva munthu wosalala pakamwa. Ambiri mwa anthu amene mumawatama kuti amadziwa kuyankhula, ine ndimadziwa pamene amapunthwa. Koma sindiulula, kuulula sikuli pa ntchito yanga.

Mmodzi mwa anthu amenewo anali bambo anga ondibereka.

Bambo anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale mpaka tsitsi lonse kuyera, ndipo aliyense amawatchula kuti Aphunzitsi, ngakhale anthu amene sanapondemo m'kalasi mwawo. Atapuma ntchito, wailesi yathu inawapatsa kapulogalamu ka Lamlungu masana kotchedwa "Kumene Mawu Achokera". Ankatenga liwu limodzi la Chingerezi n'kumalitsata chambuyo, monga mmene munthu amalondolera mbuzi yosochera, mpaka akalipeze kumene linabadwira. Ndi iwo amene anauza anthu kuti window poyamba linali "diso la mphepo", bowo la padenga la anthu a kumayiko ozizira. Ndi iwonso anawulula kuti school kwa Agiriki akale linkatanthauza nthawi yopuma, ndipo ana asukulu anaimba mafoni sabata yonse kufunsa kuti nanga zinalakwika pati.

Omvera ankawakonda, chifukwa omvera sankadya nawo limodzi. Ife kunyumba tinavutika nawo kuyambira tili ana. Ukapempha kuti akupatsire supuni, unkayamba wamva kuti spoon kalekale linali kabenthu ka mtengo, chakudya chikuzizira, mimba ikulira. Achimwene anga ankangogwedeza mutu ngati akumva. Ine ndinkapotoza milomo poyera, ndipo bambo ankandiloza ndi supuni yomweyo n'kunena kuti, "Kachiwala, iwe udzafa osadziwa chimene ukutafuna." Dzina la Kachiwala anandipatsa ndi iwo chifukwa cha timiyendo tanga ndili mwana. Miyendo inanenepa kalekale, dzina silinachoke.

Tinkajambula Lachinayi lililonse. Bambo sankabwera ndi pepala, ankati pepala ndi ndodo ya munthu waulesi. Ankavala tayi ngati maikolofoni ili ndi maso, n'kukhala pampando, n'kudikira kuti getsi lofiira liyake. Zaka zoyambirira ndinalibe chodula kupatula kutsokomola kumodzi kapena kuwiri.

Amayi atamwalira zinthu zinayamba kusintha, koma pang'onopang'ono, moti poyamba tinkangoseka. Magalasi awo tinawapeza mu firiji. Woyandikana nawo nyumba wa zaka zambiri bambo anamufunsa ngati wangosamukira kumene. Kenako vutolo linalowa nawo mu situdiyo. Ankayamba bwino, kuchoka ku Chingerezi kupita ku Chifalansa, kuchoka ku Chifalansa kupita ku Chilatini, ndiye pamenepo n'kungoti zii. Pa kompyuta mawu a munthu amaoneka ngati timapiri, chete amaoneka ngati mzere wowongoka. Mizere ya bambo inayamba kutalika.

"Kachiwala, ndinafika pati?"

Ndinkadina batani loti andimve n'kuwauza kuti, "Munali ku Chilatini, Bambo."

"Eya, eya. Ndimadziwa, ndimangokuyesa."

Iwo akapita, ndinkadula funsolo, kudula yankho langa, kudula mzere wautaliwo, n'kumata Chilatini ku Chifalansa popanda msoko wooneka. Kapulogalamu kakafupi kameneka kanayamba kudya masana onse. Nthawi zina liwu likawakanika kutchula, ndinkakalibwereka ku pulogalamu ya chaka china n'kulilowetsa pamenepo. Sindikudzitama, koma palibe amene anazindikira.

Lamlungu masana ankakhala pampando wawo wa pafupi ndi zenera, tayi ili m'khosi, wailesi ili pa katebulo, ine ndi achimwene tili pa sofa. Mawu awo akayamba, ankatseka maso. Nyimbo yomaliza ikatha ankawomba m'manja, n'kutembenukira kwa achimwene.

"Mwamumva wodwala wanu uja? Kauzeni adokotala anuwo atsegule wailesi."

Achimwene ndi munthu wokonza magalimoto, sakonda chinthu chopakidwa penti pamwamba pansi chili ndi dzimbiri. Tsiku lina ananditsatira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Iwe, ukuwanamiza bambo."

"Ndikugwira ntchito yanga."

"Ntchito yanji? Mankhwala akukana kumwa, akuti munthu woyankhula chonchija sadwala mutu. Dzulo anatuluka okha, ndinakawapeza pa siteji ya basi akudikira amayi. Uwasiye adzimve mmene alili."

"Kuti mupindule chiyani, achimwene? Mukufuna awone okha kuti akutha?"

"Nanga sakutha?"

Ndinatsegula mpopi mwamphamvu kuti ndisawayankhe, chifukwa chimene chinali kukamwa kwanga sichinali choyenera kuuza munthu wamkulu. Achimwene sankalakwa, ndipo n'chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri. Koma iwo sankadziwa chimene ine ndinkadziwa. Kunyumba bambo anali atasanduka nkhalamba yosaka nsapato imene yavala. Mu wailesi mokha ndi mmene anali adakali bambo anga, odziwa zonse, otopetsa, onyada. Pulogalamuyo ikamamveka, bambo ndinali nawobe. Ndinkaopa tsiku limene idzasiye kumveka kuposa mmene ndinkaopera maliro.

Tsikulo linabwera ndi abwana athu, mayi wabwino mtima amene amakonda kukupatsa tiyi asanakuuze zoipa. Nditangoona kapu yachiwiri pa desiki pawo, ndinadziwa kuti zavuta.

"Mwayesetsa," anatero. "Tonse tikuona. Koma situdiyo ndi imodzi, ndipo Lachinayi a zaumoyo ndi a zamasewera akumangokhala pa benchi kudikira Aphunzitsi. Jambulani ya sabata ino, ikhale yotsiriza. Itulukire bwino, anthu awakumbukire choncho."

"Mundipatseko mwezi wina, abwana."

"Mwezi winawo ndinakupatsani kale, ndipo simunaupemphe n'komwe."

Tiyiyo ndinamusiya osamwa. Bambo sindinawauze kanthu, achimwene sindinawauzenso.

Lachinayi achimwene anawabweretsa pa galimoto n'kuwasiya pakhomo. Tayi inali yopindika, ndinawawongolera, iwo n'kundithokoza mwaulemu wochuluka umene sindinauganizire nthawi imeneyo. Ndinawakhazika, ndinayeza mawu, ndinazungulira kupita kuseri kwa galasi, ndinayatsa getsi lofiira.

"Omvera anga," anayamba, mawu ali gwa ngati kale, "lero titsate liwu limene Angerezi amatchulira mwana wamkazi. Daughter. Mukaliona polemba, pakati pake pali zilembo ziwiri zimene sizimveka. Si zokongoletsa ayi. Kale zinkamveka, zinkatulukira kukhosi, koma pakamwa pa anthu panatopa nazo n'kuzisiya. Makolo a Angerezi ankati dohtor. Ajeremani mpaka lero amati Tochter."

Ndinati lero Mulungu watikomera, lero ndidula chifuwa chokha.

"Tikawoloka kupita kwa Agiriki akale, timapeza thugater. Tikapitirira kum'mawa, kwa Aperezi, timapeza..."

Mzere unayamba kuwongoka. Ndinadikira funso lathu lija, chala chili kale pa batani. Anayang'ana maikolofoni, anayang'ana manja awo, kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kupyola pagalasi, maso ali tong'o.

"Pepani mayi, kodi ndinafika pati?"

Moyo wanga wonse bambo sananditchulepo kuti mayi. Ndinayesa kuseka poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija, koma nkhope yawo inali ya munthu wopempha njira kwa mlendo. Ndinadina batani.

"Munali kwa Aperezi, Aphunzitsi."

"Zikomo kwambiri. Dokhtar. Aperezi amati dokhtar."

Tinayenda choncho masana onse, iwo kupunthwa, ine kuwadzutsa. Liwu la Chisansikiriti, chilankhulo chakale cha ku India, linawakanika katatu, kachinayi linatuluka lathunthu: duhitar. Anafotokoza kuti mawu onsewa ndi pachibale, ana a kholo limodzi limene palibe analimvapo, chifukwa anthu amene ankalitchula zaka zikwizikwi zapitazo sankalemba. Akatswiri analiumba poyerekeza ana akewo, chinachake chonga dhugater, ndipo polilemba amaika kanyenyezi kutsogolo kusonyeza kuti ili ndi longoganizira. "Kunalibe wojambula mawu nthawi imeneyo," anatero akumwetulira, "akanatithandiza." Kenako anati akatswiri ena akale ankaphunzitsa kuti muzu wake ndi kukama, kuti mwana wamkazi anali wokama ng'ombe pakhomo, koma obwera pambuyo pawo anafufuza n'kukana kuti umboni wake ndi wosakwanira.

"Nkhani ya kukamayi ndimaikonda, koma kukonda si umboni. Zoona zake n'zakuti liwuli tikalitsata timafika pakhoma. Tikudziwa chabe kuti kalekale, kwinakwake, munthu wina ankaima pakhomo n'kumaitana mwana wake ndi liwu limeneli, ndipo mwanayo ankabwera."

Ndinaganiza kuti amaliza, ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse getsi. Koma anasendera pafupi ndi maikolofoni n'kutsitsa mawu ngati munthu wofuna kukutsina khutu.

"Mayi, inu muli ndi ana?"

"Ayi, Aphunzitsi."

"Ine ndili naye wamkazi mmodzi. Ameneyo ng'ombe sangakame, amathawa ndi nkhuku yomwe. Timamutcha Kachiwala. Wouma mutu, ndipo Chingerezi changachi sachifuna n'komwe. Amagwira ntchito ngati yanuyi. Mwina mumamudziwa?"

"Ndimamudziwa pang'ono."

"Aa, ndiye mukudziwa mkwiyo wake." Anaseka, n'kupukuta pakamwa ndi mpango. "Ndikuuzeni chinthu. Ine mutu wangawu ukudontha ngati ndowa yobooka. Ndikudziwa. Ndikabwera kuno ndimagwa paliponse, ndimamva ndekha kuti ndagwa. Koma Lamlungu ndikatsegula wailesi ndimamva munthu woyenda bwinobwino, osapunthwa ndi pamodzi pomwe. Ndiye mukuganiza kuti sindidziwa amene amandinyamula? Zaka zonse zija ndakhala ndikukonza zolemba za ana, ntchito yokonzedwa ndingalephere kuizindikira?"

Sindinadine batani. Ndikanadina akanamva mmene ndinkapumira.

"Iye amaganiza kuti wandipusitsa. Ndiye ine ndimawomba m'manja, ndimakalipira mchimwene wake, ndimachita zonse. Ndikamawomba ndimamuba ndi diso, ndimaona nkhope yake ikuwala ngati tsiku limene anakhoza mayeso. Chilipo china chimene ndingamupatse panopa? Palibe, mayi. Nyumba ndi yakale, nzeru zikupita. Ndatsala ndi manja awiriwa basi."

Anayang'ana getsi lofiira lija ngati akuliona koyamba, n'kudzidzimuka.

"Kodi chikujambula? Ayi, ayi. Izi mudule, mayi. Chonde mudule. Akamva adzasiya, ndipo akasiya adzakhala ndi chiyani?"

"Ndidula, Aphunzitsi."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

A zamasewera anali akugogoda kale pachitseko. Ndinasamba kumaso ku bafa, ndinawagwira bambo pamkono mpaka pa galimoto. Achimwene anandifunsa ndi maso kuti zayenda bwanji, ine n'kunena kuti zayenda. Bambo anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kuwauza achimwene kuti mayi awa ndi odziwa ntchito, awakweze udindo.

Mawa lake m'mawa ndinakhala pa kompyuta. Ndisanayambe kudula, chinachake chinandituma kutsegula mapulogalamu akale. Ndinkafuna kumva bambo akundiitana, kamodzi kokha, ndi "iwe" wawo uja. Mapulogalamu analipo onse, zaka ndi zaka, oyera ngati mbale zotsukidwa. Munali Agiriki, munali Aroma, munali diso la mphepo ndi kabenthu ka mtengo. Kachiwala munalibe. Pantchito pathu timasunga chotuluka pa wailesi chokha. Zodula zimafufutidwa sabata ikatha kuti kompyuta isadzaze, ndipo pa anthu onse a pano, waukhondo kwambiri pa zimenezi ndine. "Kachiwala, ndinafika pati?" ananena kosawerengeka m'chipinda chomwechi, pa maikolofoni yabwino koposa imene tili nayo, ndipo paliponse ndinadula bwinobwino osasiya ndi mpweya womwe.

Ndinalira pamenepo, mahedifoni ali kumutu, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina. Mnzanga wowerenga nkhani anasuzumira pakhomo, n'kubweza chitseko mwakachetechete.

Kenako ndinagwira ntchito. Ndinachotsa mizere yowongoka, ndinachotsa "pepani mayi" aliyense, ndinataya ma duhitar atatu olumala n'kusiya wachinayi. Ndinamata Aperezi kwa Agiriki. Pulogalamu inathera pa munthu woima pakhomo akuitana mwana wake, nyimbo n'kulowa pang'onopang'ono pansi pa mawuwo. Pa zonse zimene ndakonzapo, iyi ndiye inatuluka bwino koposa. Gawo lija ndinalidula monga ndinalonjezera. Kompyuta itandifunsa ngati ndikufunadi kulifufuta, ndinayankha kuti ayi, koyamba chiyambire ntchito, n'kulisamutsira mu foni yanga. Ndinalonjeza kudula, sindinalonjeze kutaya.

Lamlungu ndinafika kunyumba masana. Achimwene anali atawakhazika kale pampando wa pazenera, koma tayi anaikana, anati sakupita kulikonse. Anandilonjera mwaulemu n'kundilozera pa sofa. Ndinatsegula wailesi, nyimbo yoyamba inalira, mawu aja anadzaza chipinda. "Omvera anga, lero titsate liwu..."

Bambo sanatseke maso. Anapendeketsa mutu, kumvetsera ngati munthu amene wamva nyimbo ya kwa eni.

"Akuluwa ndani?" anafunsa.

Achimwene anatsegula pakamwa, ine n'kuwaponda phazi.

"Ndi Aphunzitsi," ndinatero.

"Oo." Anamvetseranso. Pa thugater anagwedeza mutu, pa dokhtar milomo yawo inayenda pang'ono koma mawu sanatuluke. "Amadziwa zinthu akuluwa. Komatu otere kunyumba amatopetsa."

Achimwene anaseka, kusekako n'kuthyoka pakati, anadzuka n'kupita kukaima pakhonde. Ine ndinakhalabe. Wailesi inafika pa kanyenyezi, inafika pa ng'ombe, inafika pa munthu woima pakhomo. Mawu anatha, nyimbo inakwera, n'kutsika, n'kuzima. Wolengeza anathokoza Aphunzitsi chifukwa cha zaka zonse zimene atumikira omvera, koma bambo sanaonetse kuti zikuwakhudza. Ankayang'ana panja, kumene mphepo inkagwedeza zovala pachingwe. Ndinadziuza kuti basi, zatha, ndachedwa nayo sabata imodzi pulogalamu yanga yabwino koposa. Ndinadzuka kuti ndikatseke wailesi.

Ndili chotembenuka ndinamva kuwomba. Kunali kofooka, zikhatho zouma zikukumana mosalongosoka. Nditacheuka ndinapeza bambo akuwomba m'manja, mutu uli choweramira, koma diso limodzi likundiba cham'mbali, likufufuza nkhope yanga. Sankadziwa amene wayankhula mu wailesi, sankadziwa dzina la mayi woima pafupi ndi katebulo. Manja okha ndi amene ankakumbuka kuti nyimbo ija ikatha pali munthu wina m'chipinda muno woyenera kumusangalatsa.

Ndinamwetulira, kukoka milomo yanga mmene ndikanathera, mpaka masaya kuwawa.

"Mwasangalala, mayi?" anafunsa.

"Ndasangalala, Bambo."

"Eya," anatero, n'kutsitsa manja pamaondo. "Ndiye zili bwino."